Ndaika ma VLAN pa swichi ya TP-Link, sukulu yonse intaneti yathima

Mphatso, 07:42
Mwadzuka bwanji akuluakulu nonse pa gulu pano. Ndili ndi vuto landigoneka mochedwa dzulo. Ndimayang'anira makompyuta pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Kasungu, tili ndi labu ya ana ya makompyuta 20, ofesi ya ahedi ndi asekilitale, kenako ka wayifayi ka aziphunzitsi. Zonsezi zinali pa netiweki imodzi. Sabata yatha mwana wa Form 3 ali ku labu anatumiza zinthu zake ku pulinta ya ku ofesi ya ahedi, mapepala kungotuluka okha pafupifupi 40, ndiye ahedi anandiitana nkundifunsa kuti ngati mwana akufika pa pulinta ali ku labu ndiye kuti mayeso omwe ali mu kompyuta ya asekilitale sangawafike? Ndinalibe choyankha. Ndiye tinagula swichi ya TP-Link TL-SG108E ya mapoti 8 kuti ndigawe ofesi payokha labu payokha. Dzulo ana ataweruka ndalowa mu swichi, ndayatsa 802.1Q, njira yogawira swichi imodzi m'magulu osiyana otchedwa VLAN, ndapanga VLAN 10 ya ofesi ndi VLAN 20 ya labu, nditangodina Apply zonse zii. Palibe kompyuta ili ndi intaneti ndipo ine mwini mu swichimo sindikulowanso. Period yachitatu ana a Form 4 ali ndi practical, chonde thandizeni

Yami, 07:45
Liseteni basi achimwene, kabatani ka reset kaja mukagwire ndi pini masekondi angapo magetsi onse aphethire, ibwerera mwakale ana aphunzire

Bambo a Dalitso, 07:49
Dikirani kaye ndi reset. Ikabwerera mwakale vuto la ahedi libwereranso, ndipo simudziwa pomwe munalakwitsa, mawa mudzabwereza chomwecho. A Mphatso tiuzeni poti iliyonse mwalumikizamo chiyani, ndipo laputopu yanu ili pa poti iti

Mphatso, 07:53
Zikomo abambo. Poti 1 ikupita ku rauta, ndi MikroTik hEX. Poti 2 kompyuta ya ahedi, 3 ya asekilitale, 4 pulinta. Poti 5 ikupita ku swichi yaikulu ya ku labu ya mapoti 24, yosalowamo ija yongobaya waya basi. Poti 6 wayifayi ya aziphunzitsi. 7 ndi 8 mulibe kanthu sindinazikhudze. Laputopu ndinazula waya wa ahedi ndi kulumikiza pa 2

Bambo a Dalitso, 07:54
Pa laputopupo tsegulani cmd mulembe ipconfig, ikukupatsani nambala yanji

Mphatso, 07:56
169.254.31.7

Bambo a Dalitso, 07:58
Eya. Nambala iliyonse yoyamba ndi 169.254 Windows yadzipatsa yokha chifukwa yafunsa DHCP, yomwe imagawira makompyuta manambala a IP, palibe wayankha. Swichi yanu ndi yamoyo, ndinu amene mwaima pa khomo lomwe mwatseka nokha. Chotsani waya pa 2 mubaye pa 8

Mphatso, 08:01
Aaa yabwera!! 192.168.88.247 ndipo intaneti ikuyenda pa laputopu. Koma pa browser 192.168.0.1 sikutsegula kanthu

Tiyamike, 08:06
Mwadzuka bwanji nonse. Achimwene 192.168.0.1 ndi nambala yomwe swichi imabwera nayo, koma zatsopanozi zimakhala ndi DHCP yoyatsa kale ndiye ikapeza rauta imatenga nambala kumeneko, yanuyo ili penapake mu 192.168.88 momwemo. Dzulo munalowa bwanji?

Mphatso, 08:07
Dzulo ndinalowa isanalumikizidwe ku rauta achemwali, ndinaika laputopu pa 192.168.0.10 pamanja, rauta ndinabaya pambuyo pake ndi kuzimitsa swichi nkuyatsanso

Tiyamike, 08:11
Ndiye nkhani yake ndi imeneyo. Dawunilodani Easy Smart Configuration Utility pa webusayiti ya TP-Link, ndi ya Windows, mukaitsegula imafufuza yokha maswichi onse amtunduwu omwe ali pa waya umodzi ndi inu nkukuonetsani dzina, MAC ndi IP yake. Ikapanda kuonetsa kanthu zimitsani wayifayi ya laputopu ndipo onani ngati firewall ya Windows siyikuitsekereza. Njira ina ndi Winbox, pulogalamu yolowera mu rauta ya MikroTik, IP kenako DHCP Server kenako Leases, muiona pa mndandanda. Mukaipeza ipatseni nambala yokhazikika pompo pa IP Setting isamangosamukasamuka

Mphatso, 08:19
Yaoneka pa utility. Ndalowa ndi admin admin. Ndaika 192.168.88.2

Kondwani LL, 08:20
admin admin pa sukulu yomwe ana akupeza okha pulinta ya ahedi? Sinthani pasiwedi tsopano lino musanachite china chilichonse, pa System pali User Account

Mphatso, 08:22
Ndasintha akulu

Bambo a Dalitso, 08:24
Chabwino. Tsopano tiwerengereni zomwe zili pa tsamba la 802.1Q VLAN, mzere ndi mzere, ndi za pa tsamba linalo la PVID

Mphatso, 08:28
VLAN 1 mapoti onse 1 mpaka 8 Untagged. VLAN 10 mapoti 1,2,3,4,6 onse Tagged. VLAN 20 mapoti 1 ndi 5 Tagged. PVID poti 1 ndi 1, mapoti 2,3,4,6 ndi 10, poti 5 ndi 20, 7 ndi 8 ndi 1. Ndinaganiza kuti Tagged ndiye kuti potiyo yaikidwa chizindikiro cha gulu lake

Bambo a Dalitso, 08:41
Pamenepo ndi pomwe ambiri timagwera poyamba, mawuwo amasokoneza. Chizindikirocho sichiikidwa pa poti, chimaikidwa pa katundu wodutsa pa potiyo. Ganizirani ku chigayo tsiku lomwe kwadzaza anthu. Matumba a chimanga a mabanja osiyanasiyana akakwera ngolo imodzi, thumba lililonse amalilemba dzina kuti asasokonezeke panjira. Koma likafika pakhomo pa mwini wake dzina lija lilibenso ntchito, mayi akungofuna ufa. Pa waya ndi chimodzimodzi, tag ndi ma byte 4 omwe swichi imalowetsa mu frame, kaphukusi ka data koyenda pa waya, mkati mwake muli nambala ya VLAN, kuyambira 1 mpaka 4094. Waya wochoka pa poti 1 kupita ku rauta ndiye ngolo ija, wanyamula za ofesi ndi za labu pamodzi, ndiye pamenepo mpofunika Tagged. Koma kompyuta ya ahedi, pulinta, ndi swichi ya ku labu ija sizinauzidwe za ma VLAN, zikufuna frame wamba wopanda chizindikiro. Ndiye mapoti 2,3,4,5,6 akhale Untagged. PVID imagwira mbali yolowa, frame ikabwera kuchokera ku kompyuta ilibe chizindikiro swichi imayang'ana PVID ya potiyo nkuiika mu VLAN imeneyo. PVID munaika bwino, anthu ambiri amaiwala tsamba limenelo ndithu chifukwa lili palokha

Yami, 08:43
Ine mpaka lero ndimangoika Untagged chifukwa anandiuza choncho ku attachment, chifukwa chake ndachimva lero abambo

Tiyamike, 08:47
Kuonjezera apo, mukatha kusintha muchotsenso mapoti 2 mpaka 6 mu VLAN 1, akhale Not Member. Mukawasiya momwemo ma broadcast a VLAN 1, mauthenga opita kwa onse, azitulukirabe pa mapoti amenewo. Mu VLAN 1 musiyemo poti 1 ndi 8 basi, mwina ndi 7. Pa ma firmware akale VLAN 1 inkakana kusinthidwa, ikakukanirani onani hardware version pansi pa swichi pa stika, V yanji, mutenge firmware ya V yomweyo osati ina

Mphatso, 08:58
Ndasintha, yalola kuchotsa. Koma kompyuta ya asekilitale ikadali pa 169.254

Bambo a Dalitso, 09:02
Inde iyenera kutero, mwangokonza theka. Swichi yanu ikutumiza matumba olembedwa 10 ndi 20 ku rauta koma rauta simunaiuze kuti kuli zinthu zotchedwa 10 ndi 20, ikungowataya. Swichi iyi ndi ya layer 2, siipereka IP, siilumikiza VLAN ina ndi inzake kapena ndi intaneti, ntchito imeneyo ndi ya rauta. A Kondwani ndi amene amagona ndi MikroTik, akuthandizeni

Kondwani LL, 09:15
Ndabwera. Tsegulani Winbox, choyamba dinani Safe Mode pamwamba kumanzere, mukadzitsekera panja imabweza yokha zomwe mwasintha. hEX ikakhala pa default config ether1 ndi ya intaneti, ether2 mpaka ether5 zili mu bridge, kutanthauza kuti zamangidwa pamodzi ngati swichi imodzi. Ndiye pa Interfaces, VLAN, dinani +, dzina vlan10, VLAN ID 10, Interface musankhe bridge osati ether yomwe mwabayamo waya, poti ikakhala mu bridge ma VLAN amaikidwa pa bridge. Chimodzimodzi vlan20. Kenako IP, Addresses, 192.168.10.1/24 pa vlan10 ndi 192.168.20.1/24 pa vlan20, osaiwala /24 ija chifukwa mukaisiya imakhala /32 ndipo palibe chiyende. Kenako IP, DHCP Server, DHCP Setup, musankhe vlan10 muzingodina Next, mubwerezenso pa vlan20. Mukamaliza dinaninso Safe Mode kuti ituluke zosinthazo zikhazikike

Mphatso, 09:31
Zatheka!! Asekilitale ali pa 192.168.10.254, ku labu ndayatsa imodzi yatenga 192.168.20.254. Koma masamba sakutsegula, Google ikungozungulira

Kondwani LL, 09:32
ping 8.8.8.8 ikuyankha?

Mphatso, 09:33
Ikuyankha. Koma ping google.com ikuti could not find host

Kondwani LL, 09:40
Ndi DNS imeneyo, yomwe imamasulira mayina a masamba kukhala manambala a IP. DHCP yawauza makompyuta kuti azifunsa mayina kwa rauta, koma mu firewall ya default muli lamulo pa input lotaya chilichonse chosachokera ku list yotchedwa LAN, ndipo ma VLAN anu atsopanowa mu list imeneyo mulibe. Pitani Interfaces, Interface List, muwonjezere vlan10 mu LAN. Ya labu ine sindingaiike mu LAN chifukwa mukatero mwana aliyense wokhala ndi Winbox pa fulashi afika pa khomo la rauta. Mmalo mwake pangani malamulo awiri pa input, in-interface vlan20, udp 53 ndi tcp 53 zomwe DNS imadzera, accept, muwakokere pamwamba pa lamulo lotaya lija. MikroTik imawerenga malamulo kuchokera pamwamba kutsika, loyamba kugwirizana ndi lomwe limagwira

Yami, 09:42
Bwanji osangoika 8.8.8.8 mu DHCP ya labu nkhani nkutha?

Kondwani LL, 09:46
Zimathekanso Yami ndipo ndi zachangu. Ine ndimakonda azifunsa rauta chifukwa imasunga mayankho, makompyuta 20 akatsegula tsamba limodzi siikafunsanso kunja ka 20, komanso tsiku lomwe ahedi adzati titsekereni masamba akutiakuti mudzasintha malo amodzi

Mphatso, 09:55
Ndatsata ya a Kondwani, labu yadzuka, ana akulowa pompano. Mulungu akudalitseni nonse

Tiyamike, 09:57
Musathamange achimwene, chomwe munagulira swichi simunachiyese. Khalani pa kompyuta ya ku labu mupinge 192.168.10.254

Mphatso, 10:02
Ikuyankha. Ndiye kuti sindinagawe kanthu?

Tiyamike, 10:09
Pa swichi mwagawa, koma rauta ntchito yake ndi kulumikiza ma netiweki, ikaona 20 ikufuna 10 imawolotsa mosafunsa. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasiyira nkumauza abwana kuti zatetezedwa. IP, Firewall, Filter Rules, +, chain forward, Src Address 192.168.20.0/24, Dst Address 192.168.10.0/24, action drop. Pangani linanso kuchokera 192.168.20.0/24 kupita 192.168.88.0/24 kuti ana asafike komwe kuli swichi kudzera pa rauta. Mukatero pinganinso

Mphatso, 10:16
Request timed out kanayi konse. Ahedi ndawaitana aone okha

Zione, 10:30
Pepani kulowerera, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Pulinta ija ngati inali ndi IP yoika pamanja ya 192.168.88 siipulinta mpaka muisinthe kukhala ya 10, ndipo pa makompyuta a ku ofesi musinthenso poti ya pulintayo mu Printer properties. Ndanena chifukwa zinandichitikira pa ka lodge kena ku Mangochi, netiweki yonse bwinobwino koma ma invoice osatuluka alendo ataima pa reception

Mphatso, 10:41
Zoonadi achemwali inali pa 88.50, ndaika 10.50 yapulinta

Zione, 10:44
Funso langa kwa akuluakulu, maswichi awa amalowa mu Omada, ija ya TP-Link yoyang'anira maswichi ambiri malo amodzi? Ku lodge kuja tsopano alipo atatu ndipo kulowa imodziimodzi kukunditopetsa

Kondwani LL, 10:50
SG108E ayi siilowa, imeneyo ndi utility ija kapena browser basi. Ya mapoti 8 yolowa mu Omada ndi ngati TL-SG2008, pamenepo VLAN mumapanga kamodzi pa controller nkumangosankha profile pa poti iliyonse. UniFi ya Ubiquiti maganizo ake ndi omwewo. Koma pa sukulu ngati ya a Mphatso swichi imodzi, controller ndi katundu wina wofunanso magetsi ndi womuyang'anira

Bambo a Dalitso, 11:05
A Mphatso musanapite kukadya, pa utility pamwamba kumanja pali Save, dinani. Kenako System Tools, Backup and Restore, mutulutse fayilo ya config muisunge pa laputopu ndi pa fulashi, dzina lake mulembe deti la lero. Ku rauta nakonso Files, Backup, komanso export pa terminal kuti mukhale ndi yowerengeka ndi maso. Izi ndikunena ndi mtima wonse. Zaka zapitazo ndinakhala Loweruka lonse pa ofesi ina ku Limbe ndikukonza Cisco 2960 ya mapoti 48, ma VLAN asanu, poti iliyonse ndi description yake, zonse zikuyenda ndinanyamuka. Lolemba usiku magetsi anathima, UPS batire yake inali itafa kale, Lachiwiri m'mawa anthu 30 akhala manja lende chifukwa sindinalembe copy running-config startup-config. Ma VLAN okha anatsala poti amakhala mu fayilo ina, koma mapoti onse anabwerera ku VLAN 1. Ndinakwera minibasi ndi kebulo ya console m'thumba ndipo pepala lomwe ndinalembapo mapoti ndinali nditalitaya, ndinayamba kutsata waya umodziumodzi mu siling'i

Mphatso, 11:20
Ndasevadi abambo, fayilo ili pawiri. Ndazimitsanso swichi dala nkuyatsa, zonse zilipo

Mphatso, 14:12
Abale zayambanso. Labu yonse yaima, ku ofesinso intaneti ikukwawa, magetsi a pa swichi ya ku labu onse akuphethira limodzi mothamanga kwambiri ngati a Khirisimasi. Sindinasinthe kanthu ine

Yami, 14:13
Loop imeneyo ndithu

Tiyamike, 14:15
Zulani waya wa poti 5 kaye ofesi ipume. Kenako lowani pa 8, Monitoring, Port Statistics, dinani Clear, bwezerani waya kwa masekondi 10 okha muone RxGoodPkt ya poti 5

Mphatso, 14:21
Nditazula ofesi yachira nthawi yomweyo. Nditabwezera nambala ya poti 5 yathamanga kufika mamiliyoni, enawo ali pa mahandiredi chabe

Bambo a Dalitso, 14:29
Pitani ku labu mukaone waya yemwe mitu yake yonse iwiri yalowa mu swichi imodzi, kapena soketi ziwiri za pakhoma zolumikizidwa ndi waya umodzi. Frame ya Ethernet ilibe chowerengera choti ife ikazungulira nthawi yaitali ngati TTL ya pa IP, ndiye broadcast imodzi ikalowa mu bwalo loterolo imangozungulira osatha, ina nkuwonjezekera, mpaka waya kudzaza. Ofesi inavutika nawo chifukwa phokoso lonselo limakwera poti 1 kupita ku rauta yomwe nonse mukudalira. Maswichi akuluakulu ali ndi Spanning Tree yotseka njira imodzi yokha, koma yosalowamo ija ilibe nzeru zimenezo

Mphatso, 14:44
Ndaupeza. Kompyuta nambala 12 inapita kokakonzedwa, waya wake unangotsala pa desiki ukulendewera, mtsikana wina wa Form 2 anaona soketi yopanda kanthu pakhoma nkuubayamo poganiza kuti wazuka. Wandiuza yekha ali ndi mantha, ndamuuza kuti sanalakwe, amafuna kukonza

Tiyamike, 14:50
Mwachita bwino osamukalipira. Tsopano pa Monitoring yatsani Loop Prevention, ikaona zoterezi imatseka poti yomwe kukuchokera vutolo, labu idzathima yokha ofesi nkumagwira ntchito. Pa QoS palinso Storm Control, ikani pa poti 5 pa broadcast. Ndipo soketi za pakhoma zopanda kompyuta muzizule ku swichi ya ku labu

Mphatso, 15:06
Ndayatsa zonse. Ndili momwemo ndaona china, pa Port Setting mapoti onse akuonetsa 1000 koma poti 3 ya asekilitale ikuonetsa 100. Kompyutayo ndi yatsopano

Kondwani LL, 15:12
Kebulo. 100 imayenda ndi mawaya 4 okha mwa 8 aja, gigabit imafuna onse 8, ndiye umodzi ukapanda kugwira bwino pa kulimpa, poika mutu wa waya paja, zimangotsikira ku 100 mwakachetechete. Monitoring, Cable Test, sankhani poti 3, ikuuzani ngati pali open kapena short ndi mtunda wake mu mamita, koma poti imaduka kanthawi poyesa ndiye awuzeni kaye asekilitale. Mtunda ukakhala pafupi ndi 0 vuto lili pa mutu wa ku swichi, ukakhala wofanana ndi kutalika kwa waya lili kumapeto kwinako. Pokulimpanso tsatani ndondomeko ya mitundu yotchedwa B mbali zonse, white orange, orange, white green, blue, white blue, green, white brown, brown

Zione, 15:15
Muonenso ngati si waya wa CCA uja, aluminiyamu wopaka kopa pamwamba, ukaupala ndi mpeni umayera mkati. Umathyoka msanga pa mutu penipeni. Ndipo usapitirire mamita 100

Mphatso, 15:49
Mtunda waonetsa mamita ngati 14, wofanana ndi kutalika kwa waya. Ndadula mutu wa ku kompyuta, wa brown sunafike kumapeto kwa RJ45. Ndakulimpa wina, 1000 yabwera. Ndasevanso ndi kutulutsa backup yachiwiri

Bambo a Dalitso, 15:55
Lembani pa pepala poti iliyonse, VLAN yake ndi komwe waya ukupita, limodzi mumate mkati mwa kabati lina musunge. Pasiwedi muike mu envelopu yomata mupereke kwa ahedi, tsiku lina mudzadwala kapena kusamuka. Poti 7 izimitseni pa Port Setting. Nanga wayifayi ya aziphunzitsi mwaisiya mu VLAN 10 limodzi ndi kompyuta ya mayeso? Pasiwedi ya wayifayi pa sukulu sichedwa kufika kwa ana

Mphatso, 16:03
Ndinali ndisanaganizeko abambo, ndipo ndi zoona ma prefect ena ali nayo kale. Ndiye ndipange VLAN 30, poti 1 Tagged, poti 6 Untagged, PVID 30, ndichotse 6 mu VLAN 10, ku rauta vlan30 pa bridge ndi 192.168.30.1/24, DHCP, DNS ija, kenako drop kupita ku 10 ndi ku 88. Ndalondola?

Kondwani LL, 16:04
Ndendende. Safe Mode osaiwala

Mphatso, 16:05
Ndidikira aziphunzitsi aweruke 5 koloko, panopa akulowetsa ma grade. Poti 8 ndamatapo kale ka selotepi ndalemba kuti musabayepo, laputopu ili pomwepo